Mlonda wa Mabatire

A Telala anadzuka ndi nkhani imodzi yokha m'mutu. Madzulo a tsiku limenelo mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amakwera basi yopita ku bwalo la ndege, ndipo kuchoka kumeneko ulendo wa kutsidya kwa nyanja, kumene anapeza ntchito ya unamwino. Za kubwerera palibe amene amazitchula. Nesi, monga aliyense amamuitanira, anali ataimba foni dzulo lake.

"Amayi, kunyumbako sindifikako, mapepala andigwira mpaka tsiku lomaliza. Mubwere ku depoti. Ndikufuna ndikugwireni ndi manja angawa, osati kumangomva mawu."

"Ndibwera, mwanangu. Ngakhale chokwawa, ndibwera."

Diresi anasita m'mamawa ndi simbi ya makala, chifukwa pakhomo pamenepo kugwira simbi yamagetsi unali mlandu woposa kuba. Nyumba yawo inali kumapeto kwenikweni kwa mzinda, kumene mapolo a magetsi anatopa asanafike. Moto wonse umachokera ku masola a padenga, n'kusungidwa m'mabatire akuluakulu amene anandandalikidwa mu shedi, magulu awiri, lina kumanzere lina kumanja. Koma musaganize kuti mabatirewo anali a anthu. Anali a makina.

Amuna awo, amene dera lonse limawadziwa kuti a Mawaya, anali kalipentala wa manja osakhazikika. Makina odulira matabwawo anapanga okha: tebulo lachitsulo lalikulu ngati bedi, njanji zotola kokagula zitsulo zakutha, mamota ozula m'makina osindikizira akufa, ndi chikompyuta chakalekale chimene chimauza kampeni kozungulira koyenera kupita. Mota imodzi anachita kuitenga pa makina osokera a akazi awo, akuti kungobwereka. Mpaka lero. N'chifukwa chake a Telala anali telala wa dzina lokha, ndipo makina a amuna awowo amawatchula kuti mkazi wamng'ono. Alendo akadabwa kuti bwanji firiji ili chete pakhomo pa masola ambiri chonchi, iwo amayankha kuti, "Adye kaye mkazi wamng'ono, ife tidya zotsala."

Mkazi wamng'onoyo anali ndi khalidwe limodzi loipa, kuiwala. Moto ukangoduka, ngakhale kwa kuphethira kwa diso, kompyuta imazima, makina amaiwala pamene anali, kampeni kamaima m'kati mwa thabwa, ntchito yonse n'kusanduka nkhuni. Zoti tiime kaye tipitiriza mawa kunalibe. Ukayamba, wayamba. Ndiye gulu limodzi la mabatire likatsika mpaka singano ya mita kufika pa mzere wofiira, pamafunika munthu wosinthira ku gulu linalo. Panali maswichi awiri olimba pakhoma, ina yokankhira m'mwamba, inayo yokokera pansi, zonse nthawi imodzi, pa kamphindi kamene kampeni katuluka m'thabwa. Inali ntchito ya manja awiri, ndipo a Mawaya anatsala ndi dzanja limodzi.

Sitiroko inawagwetsa chaka chatha pambali pa tebulo lomwelo. Mbali ya kumanzere inafa, pakamwa panapotoka, miyendo inakana. Kuyambira pamenepo a Telala ndiwo anali miyendo yawo. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pa njinga ya olumala, zonse iwo. Kumsika amapita chothamanga ngati asiya mkaka pamoto.

Thabwa limene linali pa tebulo m'mawa umenewo inali ntchito yoyamba chidwalireni chawo. Anabwera nalo mphunzitsi wina wopuma, thabwa lalikulu, lofiira, lochokera ku mtengo umene malemu bambo ake anabzala, ndipo linalipo limodzi lokhalo. Amafuna chitseko chosemedwa masamba ndi mbalame. Anthu anamuuza kuti a Mawaya anatha kalekale, koma iye anati ayesabe. Tsiku limene thabwalo linafika, a Mawaya anapempha kumetedwa ndevu, chinthu chimene anali atasiya kusamala nacho.

"Likangoonongeka thabwa ili, mundikumbire dzenje," anatero usiku wake. A Telala amawadziwa amuna awo. Sanali kuseka.

Komabe m'mawamo anafunsa. "Bambo a Nesi, bwanji osayamba mawa? Lero mukudziwa kuti ndili ndi ulendo."

"Taonani kumwambaku." Mawu amatuluka molemera, mbali imodzi ya pakamwa. "Dzuwa ngati ili silibwera kawiri nyengo ino. Mawa kuli mvula, anena pa wailesi. Pofika masana tatha, inu muzinyamuka. Ndawerengera bwinobwino."

A Mawaya akati awerengera, amakhala atawerengeradi. Choncho a Telala anavala chijasi chakale cha amuna awo pamwamba pa diresi yosita ija, anaika chikwama chawo pa msomali pafupi ndi khomo, n'kukhala pa kabokosi pakati pa magulu awiri a mabatire. Njinga ya amuna awo anali ataikankhira kale pafupi ndi kompyuta. Dzanja lamoyo lija linadina batani, kenaka linakakhala pa kachitsulo kopotokola kosinthira liwiro. Makina anakuwa, kampeni kanalowa m'thabwa, utuchi wofiira unayamba kuuluka.

Poyamba zonse zinali myaa. Dzuwa limawotcha malata, gulu lopuma limadzaza msanga, singano imatsika mwaulemu. Itafika pa mzere, a Telala anaimirira, dzanja ili apa, linalo apo, maso pa amuna awo kudikira kuti anene.

"Tsopano!"

Phaa! Kamoto kabuluu kanathetheka, makina sanadziwe n'komwe kuti chachitika n'chiyani. A Telala anakhalanso pansi n'kuyamba kuganizira zimene akamuuze mwana ku depoti. Zinali zambiri, ndipo zina zinali zosati n'kunenera pa foni.

Koma a pa wailesi aja ananena za mawa, ndipo mitambo simvera wailesi. Dzuwa lisanafike n'komwe pamutu, mu shedi munayamba kuda. A Telala anasuzumira pa zenera n'kuona kumwamba kutatsekeka, phulusa lokhalokha. Popanda dzuwa gulu lopuma limangonyambita moto pang'onopang'ono, ndiye ukasinthirako silichedwa kufooka, n'kufunanso kubwerera kumene wachoka. Kusintha kumene kumachitika mwa apo ndi apo kunasanduka kwa pafupipafupi. Singano ija inasiya ulemu wake. Munthu sakanatha ngakhale kupita kokataya madzi.

Masana anakwana, pa thabwa panali masamba okha a m'munsi. Mbalame inali isanayambe n'komwe.

"Paja munati masana," anatero a Telala mokuwa, kuti amveke pa phokosolo.

"Zatsala pang'ono."

"Pang'ono pake pati? Ine ndili ndi maso, bambo a Nesi!"

Singano itakwera pang'ono, anathamangira ku mpanda n'kuitana mayi woyandikana nawo nyumba, amene amakhala akuchapa nthawi ngati imeneyo. Mayiyo anabwera akupukuta thovu m'manja, wamtima wabwino ndithu, anamvetsera malangizo onse akugwedeza mutu. Ina m'mwamba, ina pansi, akati tsopano. Zosavuta. A Telala anati aonetse kamodzi kuti mnzawoyo aone. Phaa! Kamoto kaja kanathetheka, ndipo potembenuka anapeza mayi uja ali kale pakhomo.

"Pepani anzanga, ine ana anga akadali aang'ono," anatero, n'kuliyatsa liwiro.

Tsiku lina a Telala akanaseka mpaka kugwira nthiti. Tsiku limenelo anangokhala pa kabokosi kaja, utuchi ukuwalowa m'tsitsi limene anakonza dzulo. Foni inalira m'thumba la chijasi.

"Amayi, mwanyamuka?"

"Ndikunyamuka, mwanangu."

"Ndikumva makina kumeneko."

"Atsala pang'ono kutha."

Nesi anakulira m'nyumba imeneyo. Amadziwa kusiya homuweki mumdima chifukwa mkazi wamng'ono sanakhute, amadziwanso tanthauzo la pang'ono wa bambo ake. "Amayi, chonde," anangotero, n'kudula.

Apa ndiye a Telala anaimirira. Anavula chijasi, anachiponya pa kabokosi, anatenga chikwama pa msomali n'kuima pakhomo la shedi. Thabwa ndi thabwa, anadziuza. Mitengo imamera. Mwana ndinabereka mmodzi. Anatembenuka kuti anene zomwezo mokweza, ndipo anawaona amuna awo: khosi litapendekeka, dovu likutsika pachibwano chometa bwino chija, maso ali pa kampeni ngati a mwana woonerera ndege. Chaka chathunthu maso amenewo anali akufa. Tinene zoona, pa mphindi imeneyo a Telala anadana nawo amuna awowo, chidani chenicheni, ndipo anawamveranso chisoni choti sakanatha kuchinyamula. Zonse ziwiri pamodzi, mu mtima umodzi.

"Tsopano!"

Sanaganize n'komwe. Chikwama chinagwa pansi, miyendo inathamanga yokha, manja anapeza maswichi. Phaa! Makina anapitiriza kulira. A Telala anayang'ana manja awowo mokwiya, ngati ndi a munthu wina.

Anakhalanso pa kabokosi. Mvula inayamba kuwaza pa malata. Ndipo poti munthu womangidwa alibe chochita koma kumvetsera, anayamba kumvetsera makinawo. Telala amadziwa makina ndi khutu. Zaka zonse zimene amakhala kukhitchini akumva mkazi wamng'onoyo akugwira ntchito, kulira kwake kunali kwa mluzu, kothamanga. Lero amalira mokoka, ngati munthu woyenda atanyamula katundu wolemera. Kampeni kamakwawa pa thabwa.

"Bwanji akuyenda chonchi?"

"Ndachepetsa liwiro. Kusunga moto. Simukuona mitambo?"

Zinamveka zanzeru, ndipo kwa kanthawi a Telala anazimeza. Koma singano imatsikabe chimodzimodzi. Kampeni kamazungulira ndi mphamvu yomweyo, kaya kakuthamanga kaya kakukwawa, kompyuta imadya yomweyo. Nanga munthu akamayenda pang'onopang'ono padzuwa ludzu limachepa? Kenaka china chinawalasa. Kulira kokoka kumeneku sikunayambe ndi mitambo ayi. Kunali komweku kuyambira m'mawa, dzuwa likuswa mtengo. Ndipo kuyambira m'mawa dzanja la amuna awo linali lisanachoke pa kachitsulo kaja. Silimapotokola kanthu. Limangophimba.

Anapita n'kuima pambali pa njinga. "Chotsani dzanja."

"Mayi a Nesi, singano."

"Singano ndaiona. Chotsani dzanja."

Sanachotse, ndiye a Telala analichotsa okha. Linachoka mosavuta, dzanja limene kale limanyamula thabwa lonse lokha, ndipo kupepuka kwakeko kunawachititsa manyazi. Pa kachitsuloko panali kachizindikiro ka penti yoyera, pamene a Mawaya amaika nthawi zonse podula mtengo wolimba. Muvi unali kutali, pansi penipeni.

"Kampeni kathyoka," anatero a Mawaya, osawayang'ana.

A Telala anapotokola mpaka pa penti yoyera. Makina anasintha nyimbo nthawi yomweyo, mluzu wakale uja unabwerera, kampeni kanathamanga m'thabwa n'kuyamba kutulutsa phiko la mbalame, losalala, lopanda chilema. Palibe chinathyoka. Onse awiri anangoonerera bodza likusanduka utuchi.

"Mukanaika apa m'mawa, bwenzi titatha dzuwa likadalipo." A Telala anawatembenukira amuna awo. "Munawerengeradi, eti? Munawerengera ine."

A Mawaya anayesa kupukuta chibwano ndi phewa, analephera. "Ndinakumvani dzulo pa foni. Munaseka."

"Ndiye kuseka wasanduka mlandu pakhomo pano? Simbi mlandu, firiji mlandu, kusekanso?"

"Anati akakhazikika adzakutumizirani tikiti. Inu munaseka. Chidwalireni changa sindinakumveni mukuseka choncho."

Zinali zoona. Nesi ananenadi zimenezo kumapeto kwa foni, ndipo iwo anasekadi, kuseka kwa munthu amene wauzidwa chinthu chokoma chimene akudziwa kuti sichidzachitika.

"Ndimati mukafika ku depoti," anapitiriza a Mawaya, liwu lililonse akulikoka ngati msomali wopindika, "mukaona mabasi, mukaona anthu akupita kumene akufuna. Thupi likabwera kuno, koma mtima sukabweranso. Kenaka tikiti idzafika."

"Ndiye mwati mundimange ngati mbuzi."

"Ndimaopa, mayi a Nesi. Ndimaopa usana ndi usiku."

"Chaka chonse ndakusambitsani! Ndinathawa? Khomo lija lili ndi loko? Ndimangofuna kumugwira mwana wanga, bambo inu, kumugwira basi!"

A Mawaya analira, kulira koipa kwa nkhope yofa mbali imodzi. A Telala sanawatonthoze. Anayang'ana mita, singano inali ikugunda mzere wofiira. Apa ndiye panali poti munthu achoke. Palibe akanawadzudzula, ngakhale mphunzitsi mwini thabwa akanamva nkhani yake. Koma anadziwanso chimene chikanatsala mu shedimo iwo atachoka: thabwa lakufa, ndi munthu amene sadzapemphanso kumetedwa ndevu. Ndipo womusamalira munthu ameneyo mawa ndi mkuja anali iwo omwe. Anapita pa maswichi. A Mawaya sakanatha kuyankhula, ndiye a Telala anayang'ana okha kampeni, kanatuluka m'thabwa, phaa! Anasintha popanda wowauza.

Pa liwiro lake lenileni ntchito yotsalayo sinachedwe, ndipo zimenezo ndizo zinawawa kwambiri. Mbalame inatuluka yonse, mlomo, diso, nthenga imodziimodzi. Kampeni kanakwera m'mwamba, kanabwerera pakona, makina anakhala chete. Munangotsala phokoso la mvula pa malata. Chitsekocho chinali chokongola, palibe angatsutse. A Telala anachiyang'ana kamodzi n'kutulutsa foni, imene inali itayamba kale kulira.

"Amayi, tikukwera. Muli pati?"

"Ndili kunyumba, mwanangu."

Anamumva mwanayo akumeza misozi pakati pa phokoso la anthu ndi injini. Kupita ku depoti kunali kukwera maminibasi awiri, ndipo ngakhale akanamera mapiko sakanaipeza basiyo. Koma msewu wa ku bwalo la ndege umadutsa pa mphambano, pamene kamsewu kawo kafumbi kamakumana ndi tala.

"Tamvera. Ukhale pa windo la kumanzere. Mukamafika pa mphambano yathu uyang'ane kunja. Ndikhala nditaima pamenepo."

"Basi iyi siima, Amayi."

"Ndikudziwa. Ungoyang'ana."

Anatuluka osatenga chikwama, osatenga chofunda. Kumbuyo anamva amuna awo akuitana, koma sanacheuke. Kamsewu kanali katasanduka phala. Nsapato zawo zabwino zija zinamira kawiri, kachitatu anazivula n'kuzigwira m'manja. Anathamanga mayi wamkulu, diresi itamatirira m'thupi, utuchi wofiira wa m'tsitsi ukusungunuka n'kutsikira kumaso. Agalu a m'mipanda anawauwa. Anthu obisala mvula m'makonde anawayang'ana n'kumafunsana ngati kwagwa zovuta.

Anafika pa mphambano chifuwa chikuwotcha. Panali anthu ochepa odikira minibasi, ena pansi pa khonde la golosale, ena m'mphepete mwa msewu. A Telala anaima pa tala penipeni, pamene madzi amathamangira mu ngalande, n'kuyang'ana kumene basi imachokera. Inadutsa lole. Inadutsa minibasi yodzaza. Mwina yapita kale, anaganiza.

Kenaka inatulukira, yaikulu, nyali zoyaka masana, ikuthamanga ngati ilibe m'bale m'dera limenelo. A Telala anakweza manja onse awiri, nsapato zili m'manja momwemo, n'kuyamba kukuwa dzina limene anamupatsa mwanayo tsiku lobadwa. Mawindo anali akuda, onyowa. Anayesa kuyang'ana lililonse, loyamba, lachiwiri, koma amangoona mitambo ndi mthunzi wa golosale zikuthamanga pa galasi. Madzi a m'matayala anawathira m'miyendo. Basi inapita.

Anatsitsa manja. Foni inalira, ndipo anavutika kuidina ndi zala zonyowa.

"Amayi! Ndakuonani! Ndakuonani, Amayi!" Nesi amaseka ndi kulira nthawi imodzi. "Munaima pafupi ndi chikwangwani, ndi ambulera yofiira!"

A Telala anatembenuka. Pafupi ndi chikwangwani, patali pang'ono ndi iwo, panaima mayi wina wosamudziwa, wonenepa bwino, wovala zoyera, atagwira ambulera yofiira. Amayang'ana foni yake, akudikira minibasi.

"Amayi? Mukundimva? Munali inu, eti?"

"Eya, mwanangu. Ndinali ineyo."

"Mukuoneka bwino, Amayi! Mwabwerera thupi. Ine ndimada nkhawa kuti mwina matenda a Ababa akumalizani, ndimati ndipita bwanji ndikukusiyani choncho. Koma tsopano mtima wanga wakhala pansi."

"Ukhale pansi ndithu. Ine ndili bwino."

"Muwapatse moni Ababa. Muwauze kuti sindinakwiye."

"Ndiwauza. Pita bwino, mwanangu."

Foni inaduka. Minibasi inaima, mayi wa ambulera uja anaipinda n'kukwera. Kondakitala anawayang'ana a Telala, mayi wopanda nsapato kumapazi, wofiira kumaso ndi utuchi, n'kufunsa ngati akupita m'tauni, malo alipo. Iwo anayang'ana mpando wopanda munthuwo kwa kanthawi, kenaka anapukusa mutu. Nthawi ya mankhwala a madzulo inali itakwana, ndipo munthu uja anamusiya mu shedi sakanatha kudzikankha yekha pa matope kukafika m'nyumba.